Sajeni wa Miyendo Itatu

Ana anga, inu mumandidziwa monga mayi wa yunifolomu amene adakalamba akutsuka mabala a anthu kuchipatala. Nditapuma pantchito, Feliya adandigulira kope ili nati ndilembemo zonse ndisanayambe kuiwala. Sukulu ndidalekezera Sitandade 5, tsono pomwe cholembera chaterereka mudzakonze nokha. Za ubwana wanga ndazisiya, n'zofanana ndi za wina aliyense. Ndiyambira pa wodwala wanga woyamba, amene sadali munthu.

Chaka cha ukwati wathu, m'zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza pa esiteti ya fodya kufupi ndi Simlemba. Bambo anu, a Sitefano, adali atalembedwa kale monga woyatsa moto m'mabalani, ndipo nyengo yowotcha fodya ikatha ankapita ku jeke, makina opanikizira fodya, kukadinda mabelo. Ine adandiika m'shedi yosankhira fodya. Tinkakhala pamzere azimayi ambiri kulekanitsa masamba, lachikasu kwake, lofiirira kwake, long'ambika kwake, mpaka fumbi lake kutiwawa kukhosi. Pachipata sankalowa munthu wopanda khadi la chipani, choncho langa ndinkalimangirira pamfundo ya chitenje pamodzi ndi kiyi wa nyumba.

Woyang'anira esiteti adali mzungu wokalamba amene tinkamutcha Bwana Chipewa, poti panalibe munthu amene adaonapo pamutu pake. Chichewa ankachidziwa, koma kwa iye aliyense adali "iwe", ngakhale munthu wa imvi. Sadali wankhanza, sadalinso wochezeka. Mkazi adalibe, ana adalibe, adali ndi galu basi, wamkulu, wofiirira, wa makutu ogwa. Dzina lake lachizungu lidatikanika. Ife tidamutcha Sajeni, chifukwa m'mawa uliwonse ankayenda mzere wonse wa m'shedi kununkhiza aliyense ngati akuyendera asilikali.

Makanda tinkawagoneka kunja pansi pa mtengo wa mango, kuopa fumbi la fodya, ndipo Sajeni akamaliza kutiyendera ankakagona pomwepo. Feliya atabadwa, tsiku lina masana tidamva akuuwa mauwidwe achilendo. Nditathamangira kunja ndidapeza waluma chitenje chimene Feliya adagonapo, akuchikoka mwana ali pomwepo, kumuchotsa panjira ya linthumbu. Miyendo yake yonse idali itadzaza linthumbu, koma nsalu ija sadaisiye mpaka ndidafika. Iwe Feliya, udalumidwa patatu pokha. Kwathu galu ndi galu, amadya zotsala, sasisitidwa. Koma kuyambira tsiku limenelo mbatata yanga ya masana tinkagawana pakati.

Meyi, chaka chimene Limbikani adabadwa

Limbikani adabadwa mu Febuluwale. Pofika nthawi yosankha fodya, Sajeni adayamba kutsimphina. Mwendo wakutsogolo wakumanzere udatupa, chotupacho cholimba ngati mwala. Ena ankati waponda minga, ena ankati waponda mankhwala a akuba. Kudabwera a Gondwe, mlangizi wa ziweto wa ku Chisemphere, munthu wa kumpoto amene ankayenda panjinga ya kapalasa ndi chikwama chachikopa. Adapapasa mwendowo nthawi yaitali, nati, "Iyi si minga yayi. Ndi khansa, yadya fupa. Mukausiya mwendowu umutenga." Bwana adamunyamula pagalimoto kupita naye kwa dokotala wa nyama ku Lilongwe. Patapita mlungu adabwera naye ali ndi miyendo itatu. Esiteti yonse idakhamukira kukaona. Wina adati, "Galu kudulidwa mwendo ngati munthu wochokera kumigodi!" Anthu adaseka. Sajeni adangoloza nkhope kukhoma.

Poyamba ankamusamalira ndi a Jailosi, ophika chakudya cha bwana. Koma galuyo adanyambita bala mpaka ulusi kuduka, ndipo pasanathe mlungu balalo lidayamba kununkha. M'shedi azimayi sadadabwe. Adati, "Nanga a Jailosi, akazi awiri, manja otentha choncho, bala lingapole?" Inu a masiku ano mwina simudziwa. Kwathu timati munthu amene akugona pamphasa imodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake ndi wotentha, ndipo akagwira bala, balalo limanyeka. Wozizira ndi amene sakugona ndi munthu, monga mayi wa khanda amene sanachite mwambo wotenga mwana. Ine ndidali wotero. A Jailosi iwo omwe ndi amene adakatchula dzina langa kwa bwana, chifukwa nawonso adali ataopa manja awo.

Bwana adandiitanitsa pakhonde, Limbikani ali kumsana.

"Iwe, umaopa magazi?"

"Ndabereka awiri, bwana."

"Kuyambira lero ntchito yako ndi galu uyu. Mabelo omaliza apita ku okushoni kumapeto kwa Julayi. Bala likadzakhala lisanapole, kapena akadzakhala asakuyenda yekha, ndidzamuwombera. Sindifuna azivutika."

Mawu omalizawo adawanena akuyang'ana kumabalani.

A Gondwe adandiphunzitsa m'mawa umodzi wokha: kusamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, kuwiritsa madzi a mchere n'kuwasiya azizire, kupukuta bala kuyambira pakati kupita kunja, kupaka jivi, mankhwala aja ofiirira, kenaka kumanga. Atamva chifukwa chimene adandisankhira adaseka mpaka kutsokomola. "Mama, majeremusi sadziwa za kumphasa yayi. Inu sambani m'manja basi." Ndidavomera, koma mumtima ndidasunga zonse ziwiri. Ndinkaganiza kuti ngati wina mwa iwo akulakwitsa, winayo andithandiza.

Chaka chimenecho petulo ankasowa, ndipo galimoto sikadapita kutauni chifukwa cha mabandeji a galu. Atatha, ndidapempha nsalu zakale zofunda za bwana, n'kuzing'amba timizere. Ndinkaziwiritsa m'chitini, kuziyanika pawaya, kenaka kuzisita ndi simbi ya makala. Kuti aleke kunyambita, ndidatenga lichero lakale, n'kuliboola pakati, n'kumuveka m'khosi. Odutsa ankafuula, "Taonani, Sajeni wavala chipewa ngati mbuye wake!" Kudya ankakana. Ndinkaphika phala, kuswera dzira momwemo, n'kumamupatsa pachikhato pang'onopang'ono, dzanja lina likugwedeza Limbikani. Mwana akayamwa, galu anyambite. Galu akakana, mwana alire. Masiku ena dzuwa linkapendeka ndisanaike kanthu m'kamwa mwanga.

Chimene chinkandimvetsa chisoni kwambiri n'chakuti ankaiwala kuti mwendowo kulibe. Akamva belu la m'mawa ankadzambatuka kuti akayendere shedi, n'kugwa chafufumimba, mphuno m'dothi. Akatero ankandiyang'ana ngati ndine ndamukankha. Ndidayamba kumudutsitsa chitenje pansi pa chifuwa, ine n'kugwira nsonga zonse ziwiri m'mwamba, tiziyenda limodzi. Tsiku loyamba mapazi atatu. Mlungu wotsatira, kufika pa mpopi. Ndikangomasula chitenje ankakhala pansi.

Juni

Pakati pa Juni bala lidali litasiya kununkha, m'mbali mukuoneka mnofu watsopano wofiira bwino. Apo m'pamene apongozi anga, a Nankhoma, amayi a bambo anu, adatulukira kuchokera ku Lukwa, phukusi pamutu, nkhuku kukhwapa. Adali mayi wamasiye, wamfupi, wokonda fodya wa m'mphuno, ndipo lilime lawo linkafika munthu asanakhale pansi. Adabwerera mwambo wotenga mwana. Limbikani adali atakwanitsa miyezi inayi, nthawi yakuti bambo ndi mayi abwererane kumphasa, mwana alimbe. Mwambowu usanachitike, bambo amayenera kudzisunga. Akangozembera kwina, timati mwana amadwala tsempho, amatupa, mwina kufa kumene. Choncho kuchedwetsa mwambo sichidali chinthu chamasewera. Koma ndidadziwanso kuti ukangochitika ndikhala wotentha, ndipo bala la Sajeni sindidzaligwiranso.

Nditawapatsa madzi akumwa, ndidagwada.

"Amayi, ndimati ndipemphe. Tidikireko milungu itatu."

"Mwana akudwala?"

"Iyayi."

"Mukudwala ndinu?"

"Iyayi, amayi. Ndi galu."

Adatsegula kabotolo kawo, nafwenkha fodya mbali iyi, mbali inayo, osafulumira. Kenaka adatembenukira kwa mwana wawo.

"Sitefano, makutu angawa akalamba. Ndamva kuti wakulanda mkazi ndi galu?"

Bambo anu adakanda kumutu. "Wa miyendo itatu, amayi."

A nyumba yoyandikana nafe, amene ankamvetsera kuseri kwa mpanda, adaphulika nako kuseka. Apongozi sadaseke. Tsiku limenelo chakudya changa sadachikhudze, ndipo nkhuku ija adaimangirira pamwendo wa mpando wawo ngati ibwerera nawo.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndidapeza bambo anu akuwaza nkhuni. Adati, "Amake Feliya, miyezi inayi ndapirira, milungu itatu sindingafe nayo. Ku jeke akundiseka kale, aziseka. Koma mwanayu akangotentha thupi, ngakhale ndi chimfine, mudziwa zimene anthu adzanene. Adzati mayi adasankha galu." Ndidakhala pachitsa, Limbikani akuyamwa. Ndidayang'ana timiyendo take tonenepa, mantha n'kundigwira ndithu. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito, sindidaimepo pamphambano yovuta ngati imeneyo. Potsiriza ndidati, "Mwanayu ali ndi bambo amene ndimawakhulupirira. Galu uja alibe wina." Bambo anu adangowaza chikuni china chimene sichinkafunika kuwaza.

M'mawa mwake ndikunyamuka, ndidamva mapazi kumbuyo. "Tiyeni," adatero apongozi, "ndikamuone mwamuna wanu watsopanoyo." Adakhala pa sitepe ya khonde la bwana, milomo ili tu, kuonerera zonse: kusamba kwanga, kumasula nsalu, kupukuta, Sajeni akunjenjemera koma osandiluma, mutu atautsamiritsa paphazi la Limbikani lomwe linkalendewera m'chiuno mwanga. Feliya, amene adali atatitsatira, adakakhala pansi n'kuyamba kumuuza galuyo nkhani zake. A Jailosi pobweretsa madzi otentha adati, "Gogo, mdzukulu wanuyu akadadyedwa ndi linthumbu akadapanda ameneyu," nawafotokozera zonse.

Apongozi adayang'ana galuyo, nayang'ananso Feliya. Kenaka adati, "Sitefano ndi chitsiru, wosandiuza. Koma inunso, Nabanda, mutu wanu umagwira theka. Amuna anga adagona kumanda Feliya asanabadwe. Alipo wozizira kuposa ine pa esiteti pano? Ine ndine madzi a mumtsuko. Bweretsani sopoyo."

Kuwaphunzitsa idali ntchito ina payokha. "Kusamba konseku ndikupita kuukwati?" ankatero, ine nditaima pambali kuwerenga zala zawo kuti zonse zalowa thovu. Tsiku lachiwiri ndidawapeza akutafuna masamba ena kuti alavulire pabala. Ndidati, "Amayi, izo ndiye ayi." Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mtengwa uyu, kawiri pa mlungu umodzi kundikaniza!" Koma adalavulira kutchire. Adangomangirira kachingwe ka mankhwala awo pa lichero lija, ndipo ine ndidayang'ana kumbali, poti kachingwe sikakhudza bala.

Bwana sindidamuuze kuti apongozi ndiwo akutsuka bala, ndipo ndinkadziwa kuti ntchito ikhoza kundithera pomwepo. Adatipeza yekha tsiku lachitatu.

"Iwe gogo, ukutani ndi galu wanga?"

"Womunena kuti 'iwe' ndi mwana wakoyu wa miyendo itatu," adatero apongozi osatukula mutu. "Ine ndine Nankhoma. Choka pamenepo, ukutchinga dzuwa."

Ndidati, "Ndi amayi a amuna anga, bwana. Manja awo ndi abwino kuposa anga." Bwana adawerama, nayang'ana bala nthawi yaitali, nachoka. Mawa lake a Jailosi adabwera ndi bulangete latsopano, akuti bwana wati la gogo, kukuzizira.

Mwambo udachitika mlungu womwewo, nkhuku ija idadyedwa. Za kumeneko sindilemba, ndinu ana. Kuyambira pamenepo bala sindidaligwirenso. Ndinkawiritsa nsalu, kusita, kuphika phala, kuyendetsa Sajeni ndi chitenje. Apongozi ankatsuka kawiri patsiku, akumulalatira kuyambira poyamba mpaka pomaliza: "Khala bwino, chigawenga iwe. Kwathu ndili ndi mbuzi, ndili ndi mtedza wosakumba, ine ndili pano kupukuta galu." Koma tsiku lina ndidabwera mwakachetechete, n'kuwapeza akumuchotsa nkhupakupa kukhutu, akumuimbira kanyimbo kamene ankatonthozera Limbikani. A Gondwe atamva mmene tidagawirana ntchito adagwira pamimba. "Chabwino, mama. Bola wozizira wanuyo azisamba m'manja."

Kumapeto kwa Julayi

Tsiku lopakira mabelo omaliza lidafika. Bala lidali litauma, khungu litatsekeka. Koma kuyenda yekha Sajeni adali asanayendepo. Popanda chitenje changa ankangoima, kunjenjemera, n'kukhala pansi. M'mawa umenewo apongozi adamasula nsalu yomaliza, nati ntchito yawo yatha, akupita kwawo. Ndidawapempha atsale mpaka bwana aweruze. Adati, "Ine zoonerera mfuti ayi. Ndipo galu sindimutsanzika, si m'bale wanga." Adasenza phukusi lawo, bulangete lija pamwamba, nalowera njira ya kumsewu waukulu kukadikira basi. Ine ndidawaperekeza mpaka pachipata, n'kupita kukathandiza kusoka ziguduli za mabelo, poti tsiku limenelo aliyense ankafunika kushedi.

Lole itanyamuka, bwana adaima ndi galimoto yake pakhomo pa shedi, a Gondwe ali momwemo, nandikodola. Kumbuyo kudali chinthu chachitali chokulungidwa m'chiguduli. Sindidafunse. Titafika pakhonde tidapeza mphasa yokha, lichero lili pansi. Ndidaitana, ndidazungulira nyumba, ndidasuzumira pansi pa thanki. A Gondwe ndiwo adaloza pafumbi. Mapazi a galu: awiri, limodzi, awiri, limodzi, kutuluka pachipata chakumbuyo.

Tidawatsata pang'onopang'ono pagalimoto, pakati pa minda yongotsala mapesi a fodya. Titapitirira dambo tidawaona. Kutsogolo kamayi kakafupi ndi phukusi pamutu, kumbuyo galu akudumphira, kugwa, kudzuka, kudumphiranso. Apongozi ankati akayenda pang'ono n'kutembenuka.

"Bwerera, chitsiru iwe! Basi salola agalu! Ung'amba ntchito yanga!"

Koma ndidaona kuti akuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi mayendedwe awo.

Bwana adaimitsa galimoto. Sajeni atamuona adagwedeza mchira mpaka kutsala pang'ono kugwa, koma sadachoke pa mapazi a apongozi. A Gondwe adagwada m'fumbi, napapasa chipsera chonse. "Lapola. Yewo chomene, mama," adathokoza apongozi m'chinenero chakwawo. Bwana adayang'ana kumbuyo mtunda umene galuyo adayenda. Kenaka adachita chimene palibe wa pa esiteti adandikhulupirira nditakafotokoza: adavula chipewa. Mutu wake udali woyera ngati dzira la nkhuku.

"Zikomo, amayi," adatero.

"Valani chipewacho, mungapse," adayankha apongozi. "Ndipo chili m'chigudulicho mukasakire nkhanga."

Adawakweza kutsogolo mpaka kumsewu, ife ndi Sajeni kumbuyo, mutu wake uli pamiyendo panga.

Zaka zotsatira

Sajeni adabwerera pantchito yake. Ankayendera shedi modumphira, n'kukagona pansi pa mango. Iwe Limbikani, udaphunzira kuimirira utagwira khutu lake, ndipo tsempho sudadwalepo. Patapita chaka ndi miyezi ingapo, matenda aja adabwereranso, ulendo uno m'chifuwa, monga a Gondwe adatichenjezera. Sadavutike nthawi yaitali. Tidamupeza masana ena atagona pamalo pake, makanda awiri ali m'tulo pambali pake. A Gondwe omwewo ndi amene pambuyo pake adandilembera kalata pamene chipatala chaching'ono chinkafuna wothandiza m'wodi. Za kumeneko ndi nkhani ya masamba ena.

Nthawi zonse tikapita ku Lukwa, apongozi asanafunse za adzukulu ankayamba ndi, "Chigawenga chija chilipo?" Ulendo wotsatira imfa ya Sajeni ndidayenera kuwauza. Adatulutsa kabotolo kawo, koma sadakatsegule.

"Bala lija lidatsegukanso?"

"Iyayi, amayi. Lidali lopola mpaka tsiku lomaliza."

"Basi. Ndiye sadafe ndi zanga."

Adadzuka nati akukaona mbuzi kuseri kwa nyumba. Mbuzi zidali kudambo tsiku limenelo, tonse tinkadziwa, ndipo palibe amene adawatsatira.